Sewero la Thupi pa Nkhondo Yolimbana ndi Khansa

Lero tikamba za sewero, koma si sewero la mau okhaokha longa limene mumalimva pa wailesi. Tikunena sewero la thupi, limene ochita ake amasimba nkhani ndi manja, miyendo, msana ndi nkhope. Tifuna kuona m'mene sewero lotere lingathandizire amayi kupulumuka ku khansa ya khomo la chiberekero, ndipo maso athu tiwaloza m'boma la Chiradzulu.

Tiyambe ndi nthendayo. Chaka ndi chaka amayi oposa 4,000 amapezeka nayo m'Malaŵi muno, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Gwero lake ndi kachilombo ka HPV, kamene kamafala pogonana. Kachilomboka kamatha kukhala m'thupi zaka khumi kapena kuposerapo mayi osamva kupweteka kulikonse. Kwa mayi amene ali ndi HIV, mpata wodwala khansayi ndi waukulu kasanu n'kamodzi kuposa wa mnzake amene alibe.

Anthu a ku Chiradzulu adaonapo kale nthenda yoopsa ikugonja. M'chaka cha 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, lidayamba kupereka mankhwala a ma ARV m'bomali, ndipo ambiri amene abale adaŵataira mtima adadzuka n'kubwerera kumunda. Mu 2018 bungwe lomwelo lidayamba ntchito yolimbana ndi khansayi ku Blantyre ndi ku Chiradzulu. Kuyeza kwake n'kwapafupi: namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, malo amene ayamba kuonongeka amayera mbuu, ndipo ngati ali aang'ono amaŵaotcha ndi kachipangizo tsiku lomwelo. Katemera wa HPV adayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019, ndipo mu 2020 atsikana a zaka 9 oposa 8,000 adabaidwa m'boma la Chiradzulu.

Nanga chithandizo chilipo chotere, amayi ena amachedweranji kupita kuchipatala? Zifukwa n'zambiri, monga kutalika kwa mtunda ndi umphaŵi, koma china chachikulu ndi manyazi. Mwa mwambo wathu, mkazi sangatchule za kumaso pamene pali amuna, ana kapena apongozi. Mlangizi wa zaumoyo akayamba nkhaniyi pabwalo, ena amaŵerama, ena amanyamuka mwakachetechete. Apa m'pamene sewero la thupi lipambanira, pakuti limaonetsa zimene pakamwa paopa kutchula, ndipo palibe amene amachita nalo manyazi.

Njirayi si yachilendo kwa ife. Tchopa, gule wa Alomwe amene amavinidwa ku Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, amaonetsa za ulenje ndi za makolo kudzera m'mavinidwe ndi zimene ovina amasenza, ndipo bungwe la UNESCO lidamulemba m'kaundula wake mu 2014. M'zaka za m'ma 1980, gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, motsogozedwa ndi aphunzitsi onga Chris Kamlongera ndi David Kerr, linkachita masewero a zaumoyo m'midzi ya kufupi ndi Liwonde, pomalola oonerera kuloŵa m'seweromo n'kupereka maganizo ao. Ku Lusaka nako, achinyamata a ku Chibolya adayambitsa Circus Zambia, gulu limene limaphunzitsa anthu kudzera m'kudumpha, kupidiguka ndi kukwerana pamapewa.

Tsono tiyerekeze kuti ndi tsiku la msika ku Namitambo kapena ku Mbulumbuzi. Ng'oma yalira, anthu aunjikana. Mayi wina akuvina mokondwa, mtsuko uli pamutu. Kumbuyo kwake kukukwaŵa mnyamata wovala chiguduli, ndiye nthendayo. Poyamba angogwira nsonga ya chitenje, mayi osadziŵa. Kenaka amukwera kumsana, mapazi a mayi alemera, mtsuko uyamba kupendama. Anzake amuitanira kuchipatala, iye akana ndi mutu. Pamenepo ng'oma ileka, ndipo wotsogolera afunsa khamu kuti mayiyu achite chiyani. Anthu akayankha, anzake aja alukana manja, amunyamula pamapewa kunka naye kwa namwino. Chiguduli chigwa pansi, mayi ayamba kuponda pang'onopang'ono ngati mwana wophunzira kuyenda, mpaka mtsuko ubwerera pamutu.

Amene afuna kukonza sewero lotere asamale zinthu zitatu. Choyamba, lisathere pamaliro nthaŵi zonse. Anthu adaona kale maliro ochuluka, ndipo sewero longoopseza limachititsa mayi kuganiza kuti kukayezetsa n'kukalandira imfa. Chimene ambiri sadachione ndi mayi wochira. Chachiŵiri, lisaname. Khansa imene yafalikira m'thupi siichoka ndi kuotcha kwa tsiku limodzi. Imafuna opaleshoni kapena mankhwala amphamvu kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo nthaŵi zina chotsala chimakhala kuchepetsa ululu basi. Oonerera amvetse kuti kuchira kumadalira kufulumira. Chachitatu, wodwala asasekedwe. Nthabwala zilunjike kwa bambo woletsa mkazi wake kupita kuchipatala, kapena kwa wofalitsa mphekesera yabodza yoti katemera amatseka mtsikana kubereka. Pamapeto pake pakhale namwino kapena mlangizi woyankha mafunso ndi kutchula tsiku ndi malo oyezera.

Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo khansayi imadzadi mwakachetechete. Nchifukwa chake ng'omayo tiyenera kuiimba ndife. Inu mafumu, perekani mabwalo kwa achinyamata a masewero. Inu abambo, perekezani akazi anu kukayezetsa, ndipo lolani ana anu aakazi kulandira katemera. Inu amayi amene mudachira, thandizani ochita sewero kuti aonetse zoona za ulendo umene mudayenda.