Kamtsempha ka mawu komwe madokotala amakaopa

Pasiteji ya minibasi ku Chinsapo kapena mumsika wa ku Kawale, anthu amadyera pakamwa. Woitanira akasasa mawu, tsiku limenelo ya ndiwo palibe. Ambiri amangoti ndi chimfine kapena fumbi la mu Okutobala, n'kukagula mandimu. Koma kusasako kukabwera limodzi ndi vuto lomeza, madokotala a pa Kamuzu Central amayamba kuganizira khansa ya kummero.

Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansayi yafala kwambiri padziko lonse. Imalowa mwakachetechete. Nsima imayamba kuima pachifuwa, munthu n'kusamukira ku phala, kenako thobwa, mpaka malovu omwe osatsika. Ofufuza amaloza fodya, kachasu, utsi wa nkhuni, komanso chizolowezi chomwa tiyi ndi phala zili moto.

Nanga mawu zikuwakhudza bwanji? Pakati pa njira ya chakudya ndi ya mpweya pamadutsa timitsempha tiwiri topyapyala, kena kumanja kena kumanzere. Ulendo wake ndi wozungulira: m'malo molunjika kukholingo, timatsikira kaye chakuchifuwa, kakumanzere n'kukakhota pansi pa mtsempha waukulu wa magazi wochokera kumtima, kenako n'kukweranso. Ntchito yake ndi kutsegula ndi kutseka tizingwe ta mawu. Galen, sing'anga wa ku Rome wa m'zaka za m'ma 100, ankadula timitsemphati pankhumba yamoyo anthu akuonerera. Nkhumba yolira ija inkangoti zii.

Dokotala wochotsa chotupa amagwira ntchito pamalo omwewo, ndipo sangawalambalale chifukwa khansa imakonda kubisala mwa anabele ozungulira timitsemphato. Akakoka, kuwotcha kapena kudula kamodzi mwangozi, wodwala amatsitsimuka akunong'ona. Vuto silithera pamawu. Kholingo losatsekeka bwino limalowetsa madzi ndi phala m'mapapo, chibayo n'kutsatira. Timitsemphato tikavulala tonse tiwiri, kupuma kumene kumavuta, mwina mpaka kumuboola wodwalayo pakhosi.

Zipatala zina za ku Japan, China ndi ku Ulaya zinatengera nzeru kwa madokotala ochita opaleshoni ya chithokomiro. Chubu chopumira chimene amalowetsa wodwala akamugoneka chimakhala ndi timawaya tokhudza tizingwe ta mawu. Dokotala amagunda mnofu ndi kachitsulo kotulutsa magetsi ochepa zedi, ndipo akakhala kuti wagunda kamtsempha kaja, makina amalira. Kulirako kukafooka amadziwa kuti wakoka kwambiri, n'kufewetsa dzanja. Makinawa amangochenjeza basi, luso likadali la dokotala, ndipo chubucho n'chodula.

Ku Lilongwe nkhani imathera patali ndi makina otere. Odwala ambiri amafika ku Central chotupa chitakula moti sichingachotsedwenso. Nthawi zambiri thandizo lomwe limatsala ndi stent, kachubu koluka ndi timawaya kotsegula njira kuti chakudya chidutse. Ndipo mawu akasasa opaleshoni isanachitike, nthawi zambiri ndiye kuti khansa yafika kale pakamtsempha kaja, palibenso choti makina ateteze.

Munthu wa ku Mgona, Biwi kapena Area 25 amene nsima yayamba kumukakamira pachifuwa asadikire kuti mawu asase. Apite kuchipatala chapafupi, akapemphe kalata ya ku Central kuti akamuunike kummero ndi kamera.