Kodi Amamanga Mvula Ndani?

Mvula ikadula mu Januwale chimanga chili chofika m'mawondo, manong'onong'o amayamba m'midzi mwathu muno ku Nambuma: "Alipo wamanga mvula." Chala sichiloza munthu wamphamvu ayi. Chimaloza agogo amasiye, kapena bambo amene njerwa zake sanaotche. Ena amathamangitsidwa pamudzi, ndipo akhristu anzathu amakhala nawo pagulu lothamangitsalo. Tiyeni tione kumene chilala chimachokera.

Kutsidya kwa dziko lapansi kuli nyanja yaikulu ya Pacific. Pakapita zaka 2 mpaka 7, madzi a chakum'mawa kwa nyanjayi amafunda kuposa masiku onse. Asodzi a ku Peru, poona kuti madzi ofundawo amafika cha pa Khrisimasi, adawatcha El Niño, ndiye kuti Mwana, pokumbukira Mwana Yesu.

Nanga madzi akutali chotero amatikhudza bwanji? Taonani mphika uli pamoto: nthunzi imakwera. Pamwamba pa nyanja yofunda napo mpweya umakwera n'kupanga mitambo. Koma mpweya wokwera kuno uyenera kutsika kwina, ndipo wotsikawo ndi wouma ndi wolemera. Umapondereza mitambo kuti isakule. Mpweya woterewu si wachilendo kwa ife. Mu Juni ndi Julayi umakhazikika kum'mwera kwa Africa, Mwera n'kumaomba, mvula osagwa. Apo palibe wodandaula, ndi nyengo yake. Vuto la zaka za El Niño ndi lakuti mpweya wolemera umalimba pamwamba pa Botswana ndi maiko oyandikana nawo dzinja lili m'kati, ndipo umakhalitsa masabata angapo. Chinyontho chochokera ku Congo ndi ku nyanja ya India chimalephera kutifika bwino, mvula yambiri n'kukagwa ku Tanzania ndi Kenya. N'chifukwa chake ku Karonga kumatha kugwa mvula yochuluka ife kuno chimanga chikufota.

Ambirife tikukumbukira chilala cha 1991/92 ndi chimanga chachikasu chija. Chinali chaka cha El Niño. Chimodzimodzinso 2015/16, ndi 2023/24 pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Zambia ndi Zimbabwe adaliranso chaka chomwecho. Kodi agogo a m'mudzi mwathu angamange mvula ya maiko atatu?

Tisanamizane: El Niño sabweretsa chilala nthawi zonse. Wa 1997/98 adali wamphamvu, koma sadatipweteke monga m'mene anthu ankaopera. Komabe madzi a m'nyanja amafunda pang'onopang'ono, kotero a nthambi yoona za nyengo amachenjeza pa wailesi mvula isanayambe. Tikamva chenjezo lotere, tikambirane ku limana: mbewu yocha msanga, mizere ya mbatata ndi chinangwa, dimba lokonzeratu, ndiponso kusagulitsa chimanga chonse mu Meyi mavenda akafika ndi masikelo awo.