Mfuti ya agogo ikayamba kung'amba makoko

Pa Njuli, chakuseri kwa fumbi la miyala yomwe amaphwanya m'mbali mwa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba, bambo wina wachikulire ananditulutsira mfuti yokulungidwa m'chiguduli. Ndi Lee-Enfield ya .303, mtundu womwe asilikali a King's African Rifles ankasenza pa nkhondo zonse ziwiri zikuluzikulu. Chiphaso chake amachisunga m'pepala la pulasitiki. Chomwe chinkawasowetsa tulo ndi bolt, chitsulo chija amachikoka ndi dzanja kuti chilowetse chipolopolo ndi kuchitsekera.

Nkhope ya chitsulocho inali ndi timaenje ngati munthu wodwalapo nthomba. Zipolopolo zakale za asilikali zinkasiya mchere mumfuti, ndipo mchere ukakumana ndi chinyezi cha dzinja la ku Chiradzulu, dzimbiri limadya mwakachetechete. Timaenje tosaya si imfa ya mfuti. Chinandiopsa ine ndi khoko la chipolopolo lomwe anandipatsa m'manja: chakumunsi linali ndi mzere wowala wozungulira, ngati lafuna kuduka. Khoko likatero ndiye kuti likutamuka mopyola powombera, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti mpata wa pakati pa bolt ndi chipolopolo wakula. Tsiku lomwe lidzaduke, mpweya wamoto udzabwerera chakumaso kwa wowombera.

Mpatawu suoneka ndi maso. Pa .303, kuchokera pa muyezo wabwino kufika pomwe asilikali ankaikana mfuti pali kotala ya milimita basi, ndipo umayezedwa ndi geji ndi anthu ophunzira ntchito yokonza mfuti.

Mwayi wa bamboyu ndi wakuti yawo ndi No. 4, yomwe inafala kuyambira 1941. Mutu wa bolt yake umamasuka, ndipo mituyi inkapangidwa ya utali wosiyana, yolembedwa 0, 1, 2 ndi 3. Kusintha mutu wokha kumatha kutseka mpatawo. Koma mng'alu ukapezeka pa mano awiri otsekera, omwe pa Lee-Enfield ali chakumbuyo, bolt yonse yatha ntchito. Ngakhale apo, simungotola ya mfuti ina n'kulowetsa. Pa chogwirira cha bolt pamakhala nambala yofanana ndi ya pa thupi la mfuti, chifukwa bolt iliyonse ankaikhazika pa mfuti yakeyake kuti mano onse awiri agwire mofanana.

Anzawo anali atawalangiza kuti apite nayo kwa owotcherera zitsulo pamsika, akadzaze timaenje ndi kusalaza ndi tupa. Ndinawachonderera kuti asayerekeze. Amisiri athu amaukitsa njinga ndi mawilibala, ndimawalemekeza, koma moto wowotcherera umafewetsa chitsulo chomwe chinalimbitsidwa dala kufakitale.

Bamboyo anakulunganso mfuti yawo. Anati saiwomberanso mpaka iyezedwe, ndipo ikakanika adzaipereka kupolisi, osati kuisiyira adzukulu.