Nchila, Ntchila kapena Ntchira?

M'nyanja ya Malawi muli nsomba ina ya milomo yochindikala imene akatswiri amaitcha Labeo mesops. Dzina lake la Chichewa limapezeka m'mabuku litalembedwa mwa njira zitatu: nchila, ntchila ndi ntchira. Kusiyanaku kumautsa mkangano ngakhale pa banja limodzi. Gogo amene anaphunzira sukulu za mishoni amaumirira nchila, mdzukulu wake amati aphunzitsi anamuuza ntchira, pamene mkamwini wochokera ku Mangochi amati onsewo alakwa, dzinali ndi ntchila.

Mkangano wa nch ndi ntch ndi wa papepala chabe. M'kalembedwe kakale lembo la c linkaimira liwu limene lero timalemba ch, ndipo ch ankaimira liwu lotuluka ndi mpweya. N'chifukwa chake mabuku akale ali ndi Cinyanja ndi nchito, monga amalemberabe ku Zambia. Bungwe la Chichewa, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi 1990. Potsata malamulowa nchito inasanduka ntchito. Choncho gogo wolemba nchila ndi mdzukulu wolemba ntchira amayamba dzinali ndi liwu limodzimodzi. Anasintha ndi malembo, osati pakamwa.

Za l ndi r zili ndi lamulo lake. Lembo la r limalembedwa pambuyo pa i ndi e, monga mu mbiri ndi pereka, ndipo l amalembedwa pambuyo pa a, o ndi u komanso kumayambiriro kwa mawu. Motero kalembedwe kovomerezeka ndi ntchira. Koma ili ndi lamulo la cholembera. M'Chichewa l ndi r sasiyanitsa matanthauzo: wonena bwela ndi wonena bwera aitana munthu mofanana. Anthu a ku Mangochi, kumene Chichewa chimakhalira limodzi ndi Chiyao chimene chilibe r, akamati ntchila sanaphonye kanthu, ndipo si bwino kuti mphunzitsi adzudzule mwana pa katchulidwe kameneka. Amukonze polemba basi.

Pofunika kusamala ndi pena. Mwana wa lero akaona nchila m'buku la zausodzi lolembedwa m'Chingerezi, amawerenga ch wopanda mpweya monga anazolowera. Zotuluka pakamwa pake zimayandikira mchira, uja wa ng'ombe kapena wa nsomba yomweyo. Awa ndi mayina awiri a magulu osiyana. Mchira uli m'gulu la Mu-Mi: m wake ndi phatikizo paokha, wotsala wa mu, ndipo timati mchira waduka, michira yaduka. Ntchira ili m'gulu la I-Zi: ntchira yakodwa, ntchira zakodwa. M'gulu limeneli p, t, k ndi ch akatsatana ndi n kapena m amatuluka ndi mpweya, monga mu mphika wa I-Zi kulibe koma mphasa, nthochi, nkhuku ndi ntchentche zilipo. Nsomba ya mcheni, imene mabuku ena amalemba ncheni, ili mbali ya mchira: ilibe mpweya, ndipo imalembedwa ndi m.

Kale cholakwa chotere chikadakonzedwa pa msika, pakuti m'zaka za m'ma 1950 ntchira inali imodzi mwa nsomba zogwidwa kwambiri m'nyanjayi, yotsatira chambo. Nsombayi imakwera mitsinje nthawi ya dzinja kukaswana, ndipo asodzi ankaitchera maukonde pa mathiriro isanaikire mazira. Pofika m'ma 1960 inayamba kusowa, ndipo sinabwererenso mwakale. Ana ambiri a ku Salima ndi ku Nkhotakota sanaionepo pa thandala, ndipo dzina lake amakumana nalo koyamba m'buku. Olemba mabuku a sukulu ndi alangizi a zausodzi akulangizidwa kulemba ntchira, ndipo pamene atchula kalembedwe kakale, afotokoze kuti ch wa m'menemo ndi tch wa lero.