KUSANKHA KHOLA LOPHUNZIRAKO KUKWERA PA KAVALO

Ku Mwami ndi m'midzi yozungulira Chipata anthu adziwa ng'ombe ndi njinga, koma kavalo samuona kawirikawiri. Akavalo ambiri a m'Zambia ali ku Lusaka ndi pa mafamu monga a ku Mazabuka, kumene amasewera polo. Cotero munthu wa kum'mawa wofuna kuphunzira kukwera, kapena kuphunzitsa mwana wace, amayenda mtunda wopitirira makilomita 550 pa Great East Road. Asanalipe ndalama zace ayenera kudziwa cizindikilo ca khola labwino, ndipo cizindikiloco ndico umoyo wa akavalo amene ali m'kholamo.

Kavalo ali ndi adani awiri m'dziko lino. Woyamba ndiye kashembe, amene acuruka m'cigwa ca Luangwa. M'caka ca 1895 David Bruce anapeza ku Zululand, kumene kunacokera makolo a Angoni, kuti kashembe ndiye anyamula tizilombo ta nthenda ya nagana, imene iwondetsa ndi kupha ziweto. Mdani waciwiri ndiyo nthenda yochedwa African horse sickness. Imeneyi ifalitsidwa ndi tintchentche tocepa koposa udzudzu, timene tiluma madzulo ndi usiku, makamaka nyengo ya dzinja. Mbidzi zikhala nayo osadwala, koma mwa akavalo 10 osatetezedwa ingathe kupha 9. Katemera wace apangidwa ku Onderstepoort, pafupi ndi Pretoria, ndipo aperekedwa caka ndi caka.

Cifukwa cace wophunzira afunse mwini khola kuti akavalo analandira liti katemera, ndiponso ngati amawatsekera m'nyumba dzuwa lisanalowe kufikira litaturuka. Mwini khola wosamala sacita manyazi ndi mafunso otere.

Atatero ayang'ane akavalo ndi maso ace. Nthiti zisaonekere kunja, ziboda zikhale zosemedwa bwino, ndipo pamsana, pamene pakhala cishalo, pasakhale zilonda. Kavalo womva kuwawa ndiye aponda ndi kugwetsa munthu. M'momwera mukhale madzi oyera nthawi zonse, pakuti kavalo mmodzi amamwa malita oposa 20 pa tsiku.

Pomaliza aonerere mphunzitsi alikuphunzitsa ena. Mphunzitsi wanzeru apatsa woyamba kumene kavalo wamkulu ndi wofatsa, namuyendetsa ndi cingwe m'bwalo locingidwa kufikira atadziwa kukhala, kuimitsa ndi kutembenuza. Salola munthu kukwera wopanda cisoti colimba comanga pacibwano. Anthu a pa migodi adziwa kuti salowa pansi wopanda cisoti. Comweco wokwera pa kavalo, pakuti kugwa ndi mutu kwapundula ngakhale akatswiri. Mphunzitsi wotere akumbutsanso za katemera wa kafumbata, cifukwa tizilombo ta nthendayi tipezeka m'ndowe ndi m'dothi la m'khola, ndipo tilowa pa kabala kakang'ono.

Khola lina likopa ndi mtengo wocepa, lina ndi cipata copaka utoto. Koma mwini amene aleka kavalo wace ndi cilonda pamsana sangasamale mwana wa mlendo. Kuli bwino kupita tsiku limodzi kukaona cabe, ndi kulipa pa ulendo waciwiri.