Seva ikamachedwa, musathamangire kugula ina

Mwezi ukamatha, mzere umatalika mu ofesi, kalaliki n'kumangoti: "Pepani, makina akuchedwa." Nthawi zambiri vuto limakhala pa seva, kompyuta yosunga mafayilo a ogwira ntchito onse.

Katswiri wodziwa ntchito amayamba wayeza kaye. Amatsegula iostat pa Linux kuti aone ngati pathina ndi pa disiki, kapena Resource Monitor pa Windows kuti aone pomwe pathina: disiki, memore kapena netiweki.

Mwachitsanzo, netiweki ya 100 Mbps singanyamule mamegabayiti oposa 12.5 pa sekondi, ndipo onse amagawana omwewo. Apa disiki yatsopano siingathandize. Pakufunika netiweki ya gigabit.

Mwinanso cholemetsa seva ndi ntchito yokopera mafayilo kuti asatayike, ikamachitika masana. Ikasunthidwira usiku, mzere umafupika osawononga ndi tambala yomwe.