Fizi ya kuyunivesite ikaposa mabelo a ku Chinkhoma

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, malole odzaza mabelo amandandalika mumsewu ndipo Kasungu yense amanunkhira ndalama. Koma kwa mlimi wamng'ono, ndalamayo imafika itagawidwa kale. Kampani ya kontirakiti yadula ngongole ya feteleza, wa thiransipoti watenga zake, aganyu omwe ankasoka fodya m'chigafa akudikira pakhonde. Choncho dzina la mwana likatuluka pamndandanda wa osankhidwa kupita ku LUANAR, MUST kapena Mzuni, nthungululu zimakhala za tsiku limodzi. Kukacha, bambo ndi mayi amayang'anizana: fizi ichokera kuti?

Funsoli si lachilendo m'boma lino. Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu, anapita ku America mu 1925 ndi thandizo la mpingo wa African Methodist Episcopal, ndipo anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu 1937. Atakhala mtsogoleri wa dziko, anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, komwe ana anzeru osankhidwa m'maboma onse ankaphunzira ulere.

Chitsanzo chapafupi ndi William Kamkwamba wa ku Wimbe, yemwe bambo ake ankalima chimanga ndi fodya. Njala ya 2001 mpaka 2002 inamutulutsa kusekondale ya Kachokolo chifukwa chosowa fizi. Anayamba kubwereka mabuku mulaibulale yaing'ono ya pasukulu ya pulaimale, ndipo ndi zidutswa za njinga, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu anamanga makina opanga magetsi kuchokera ku mphepo. Makinawo anazungulira kwa zaka ndithu mwini wake ali pakhomo. Zinthu zinasintha pomwe Dr Hartford Mchazime, katswiri wa zamaphunziro, anafika kudzaona n'kuitana atolankhani mu 2006. Chaka chotsatira William anayankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha, anthu akufuna kwabwino anamulipirira sukulu, ndipo anadutsira ku African Leadership Academy ku Johannesburg mpaka kumaliza digiri ku Dartmouth College mu 2014.

Nzeru anali nazo kale. Chinkasowa ndi munthu womulumikiza ndi thandizo. Koma si mwana aliyense angadikire mtolankhani. Masiku ano khomo lalikulu ndi bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015. Bungweli limapereka ngongole kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite a boma ndi ena omwe si a boma koma ndi ovomerezeka ndi National Council for Higher Education. Ngongoleyi imathandiza pa fizi, mabuku ndi ndalama yodyera. Si mphatso: imabwezedwa munthu akamaliza maphunziro, ndipo obweza ndiwo amatsegulira njira ana obwera m'mbuyo.

Apa mpomwe mwana wakumudzi amapunthwa. Kufunsira kumachitika pa intaneti komanso kuli ndi tsiku lotsekera. Mwana wa tenanti pa esiteti, yemwe foni yake ndi ya mabatani ndipo amatchajitsa kumsika, amamva mochedwa. Ena amalemba fomu mothamanga osafotokoza bwino za pakhomo pawo, poganiza kuti kunena kuti "timalima fodya" n'kokwanira, chonsecho wowerenga fomuyo angaganize kuti ndi banja lopeza bwino. Nzeru ndi kusonkhanitsiratu zikalata: chiphaso cha unzika, zotsatira za MSCE, kalata yosonyeza kuti wasankhidwa, umboni wa imfa ngati kholo linamwalira, ndi kalata za anthu odziwa banjalo monga amfumu, aphunzitsi aakulu kapena atsogoleri a mpingo.

Makomo ena alipo. Bungwe la CAMFED limathandiza atsikana, mipingo ina ili ndi thumba la maphunziro, ndipo ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma imadziwa mabungwe omwe akugwira ntchito m'deralo. Mastercard Foundation Scholars Program imalipirira achinyamata m'mayunivesite angapo a mu Africa ndi kunja, pomwe Chevening ya ku Britain ndi ya omwe ali kale ndi digiri yoyamba. Chofunika kusamala ndi akamberembere a pa WhatsApp omwe amalonjeza sikolashipu ukawatumizira ndalama pa nambala yawo ya foni.

Alimi a fodya amakumana kale m'makalabu kukambirana za mbewu, feteleza ndi tsiku lokwezera mabelo. Kalabu yomwe imatha kutsata ngongole ya zipangizo mpaka tambala yomaliza ingathenso kusankha munthu mmodzi woti azimvetsera zilengezo za ngongole ya sukulu ndi kuthandiza ana a mamembala kulemba mafomu nthawi isanathe.